KHAMU LA PA YORDANO

Pali cizolowezi cina cimene cakula pakati pathu, ndipo mwezi uno tifuna kutsutsana naco poyera. Pakamveka mbiri yakuti kwadza mlaliki wamphamvu wocenjeza anthu kuti alape, ndipo ena a kwathu akabwerako ku msonkhano wace, funso loyamba limene tiwafunsa ndi ili: Kunali anthu angati? Akayankha kuti, Anacuruka ngati nyerere, pabwalo panalibe popondapo, ena anacita kukwera m'mitengo, pomwepo mitima yathu ikhazikika, ndipo tinena kuti, Zedi ameneyo ngwa Mulungu, dziko lalapa. Sitifunsanso kanthu kena. Ife tinena kuti kuwerenga mitu kotere nkosokeretsa, ndipo kwataitsa anthu ambiri, ena cuma cao, ena cikhulupiriro cao, ena moyo wao womwe. Amene akonda kuwerenga mitu atsamira pa mbiri ya Yohane Mbatizi, nati, Kodi Yohane sanatsatidwa ndi makamu? Cabwino. Tiyeni titsikire ku Yordano komweko, tikaone cimene Yohane anacita nalo khamu lace.

Luka, m'mutu 3 wa Uthenga wace, atiuza nthawi yeniyeni imene Yohane anayamba kulalikira: cinali caka ca 15 ca ufumu wa Tiberiyo Kaisara. Tiberiyo analowa ufumu m'caka ca 14, cotero zinthu izi zinacitika ca m'ma 28 kapena 29. Pilato anali kazembe wa Yudeya, Herode analamulira Galileya, Anasi ndi Kayafa anali akuru a ansembe. Dziko linali pansi pa Aroma. Msonkho unali wolemera, asilikari anali kuyendayenda m'misewu, ndipo panapita zaka monga 400 cifere Malaki, osamveka mneneri wina m'Israyeli. Anthu anali ndi ludzu la mau a Mulungu monga nthaka ya mwezi wa October ilira mvula. Pamenepo m'cipululu munaturuka munthu wobvala cobvala ca ubweya wa ngamila, womanga lamba wacikopa, wakudya dzombe ndi uci wa kuthengo, nalalikira kuti anthu atembenuke mtima, pakuti ufumu wa Mulungu wayandikira.

Ndipo anthu anadzadi. Anacokera ku Yerusalemu, ndi ku Yudeya konse, ndi ku dziko lonse la m'mbali mwa mtsinje. Ulendo wace sunali wacibwana. Kucokera ku Yerusalemu kufika ku Yordano ndi mamailosi oposa 20, njira yotsetsereka ya miyala, yopyola pa Yeriko, kucigwa kotentha kumene kuli pansi koposa nyanja yaikuru. Ndipo wotsikako anayenera kukweranso mtunda wonsewo pobwerera. Tikumbukenso ici, kuti Yohane sanacita cozizwa ngakhale cimodzi, monga Uthenga wa Yohane ucitira umboni m'mutu 10. Sanaciritsa wodwala, sanagawa mkate, sanalonjeza munthu cuma kapena mwana. Anthu anayenda pansi ulendo wonsewo kukamva mau okha. Ngati linalipo khamu loyenera kutamandidwa, ndi limeneli.

Tsono Yohane analilandira bwanji? Kodi anatuma akuphunzira ace kuti awerenge anthu, nalengeza ciwerengero cao m'midzi? Ai ndithu. Poona makamu ali kutsikira kumadzi, anawachula kuti ana a njoka, nawafunsa kuti anawacenjeza ndani kuthawa mkwiyo ulinkudza. Inu a kumudzi mudziwa cimene cicitika lupsa likalowa m'chire m'malimwe: njoka zituruka mu udzu, zithamanga zonse njira imodzi, zina zigwera m'madzi. Kodi kuthamanga kumeneko kwazisandutsa nkhunda? Ziri njoka cikhalire. Moto ukazima zibwerera ku mauna ao ndi ululu wao womwe. Yohane anadziwa kuti mantha athamangitsa munthu osamsandutsa, ndi kuti ambiri anadza cifukwa anansi ao anadza. Cifukwa cace sanakondwera ndi kucuruka kwao, koma anafuna kuona zipatso.

Anawalandanso cotsamira cao cina. Iwo anayesa kuti ali opulumuka pakuti ali mbeu ya Abrahamu, mtundu waukuru wosankhika. Yohane anawaonetsa miyala ya pamtsinje, nawauza kuti Mulungu akafuna anthu ambiri akhoza kuwaukitsa m'miyala yomweyo. Mulungu sasowa khamu. Ndipo pofanizira ciweruzo ananena za nkhwangwa yoikidwa pa mizu ya mitengo. Ali yense amene anatemapo munda adziwa kuti nkhwangwa sigwetsa nkhalango nthawi imodzi. Ifika pa mtengo umodzi, ikatha ifika pa wina. Munthu akhoza kulowa m'madzi pamodzi ndi anzace zikwi, koma pa ciweruzo adzaima yekha.

Apa ndipo pali mtima wa nkhani yathu. Mwa khamu lija munaturuka anthu amene analasidwa mtima, nafunsa kuti tsono acite ciani. Mayankho a Yohane anali atatu, ndipo onse ngapafupi, okhudza nyumba ndi nchito. Kwa anthu wamba anati wakukhala ndi malaya awiri apatseko wopanda malaya, ndi wakukhala ndi cakudya acite comweco. Kwa amisonkho anati asalandire koposa cimene anawalamulira. Tidziwe kuti masiku amenewo munthu anali kugula kwa olamulira ufulu wakusonkhetsa pa msewu kapena pa doko, ndipo zonse anazilandira pamwamba pa mtengo umene analipira zinali phindu lace. Cotero Yohane anagwira amisonkho pa thumba penipeni. Kwa asilikari anati asalande za munthu moopseza, asanamizire munthu mlandu, ndipo akhutire ndi malipiro ao.

Taonani cimene Yohane sananena. Sanati, Khalani pano pamtsinje, mumange misasa, muyimbe usiku ndi usana. Sanati, Bwerani naco cuma canu kwa ine. Sanauza wamsonkho kuti asiye nchito yace, kapena msilikari kuti ataye cida cace. Anabweza munthu ali yense kwao, kwa mnansi wace wausiwa, ku gome lace la msonkho, ku nchito yace ya tsiku ndi tsiku, kuti kumeneko kukaoneke ngati walapadi. Kulapa kunalalikidwa pamtsinje, koma kunayesedwa kumudzi. Ngakhale Josephus, Myuda wolemba mbiri amene sanali Mkristu, polemba za Yohane ca m'ma 93 anazindikira ici: anati Yohane anafuna kuti anthu ayambe acita cilungamo kwa anzao ndi kuopa Mulungu, ndipo atatero adze kumadzi.

Nanga khamu lalikuru lija linatha bwanji? Yohane anadzudzula Herode cifukwa cakukwatira Herodiya, mkazi wa mbale wace, ndipo Herode anamtsekera m'ndende. Josephus aonjeza kuti Herode anaopa makamuwo, poyesa kuti angaukire ufumu wace pa mau a Yohane, ndi kuti ndendeyo inali linga la Machaerus, kum'mawa kwa Nyanja ya Mcere. Herode nayenso anali wowerenga mitu, ndipo anasokera nako monga tisokera ife. Pakuti Yohane atadulidwa mutu, sitiwerenga kuti Yerusalemu ndi Yudeya anatsikanso kudzalira maliro. Anadza ndi akuphunzira ace okha, nanyamula mtembo, nauika. Ambuye Yesu ananena za Ayuda aja kuti Yohane anali nyali, ndipo iwo anakondwera m'kuunika kwace kanthawi kocepa. Anafunsanso makamu cimene anapita kukaona kucipululu, kapena linali bango logwedezeka ndi mphepo. Ndipo atatha maulaliki onse a Yohane ndi a Ambuye mwini, amene anasonkhana m'Yerusalemu kudikira Mzimu Woyera anali anthu monga 120. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pali cinanso cimene owerenga mitu ayenera kucilingalira. Mtsinje womwewo wa Yordano unaonanso khamu lina. Ca m'ma 45, Fadus ali kazembe wa Yudeya, anauka munthu dzina lace Teuda, nadzichula mneneri, nakopa anthu kuti anyamule katundu wao amtsate ku Yordano, nawalonjeza kuti pa mau ace madzi adzagawanika, iwo nadzaoloka pouma. Kazembe anatuma asilikari a pa akavalo. Ambiri anaphedwa, ena anagwidwa, Teuda anadulidwa mutu. Buku la Macitidwe, m'mutu 5, lichulanso Teuda pakati pa anthu amene anadzikuza, natsatidwa, nathera pacabe. Munthu akadaima patali pa phiri, kuona anthu ali kutsikira kumtsinje, sakadatha kusiyanitsa khamu la Yohane ndi khamu la Teuda. Pfumbi lace linali limodzimodzi. Kusiyana kunali m'mau: Teuda analonjeza cozizwa cimene anthu adzaona, Yohane anafuna cilungamo cimene anthu adzacita.

Zimenezi sizinathere ku Yudeya. M'caka ca 1925 Tomo Nyirenda, munthu wa kwathu kuno amene anaphunzirapo ku Livingstonia, anayamba kubatiza anthu pakati pa Alala m'dziko la Northern Rhodesia, limene lero ndi Zambia, napitirira ku Katanga, nachuka ndi dzina lakuti Mwana Lesa. Midzi yathunthu inathamangira kumadzi. Koma ubatizo wace unasanduka wosaka afiti: amene iye anati madzi awakana anayesedwa afiti, ndipo ambiri anamizidwa, nafa, abale ao ali kuonerera. Nyirenda anapacikidwa ndi cingwe ku Broken Hill, ndiye Kabwe wa lero, m'caka ca 1926. M'caka ca 1933 kunabuka Mcape, wocokera ku dera la Mulanje, wochulidwa ndi dzina la Kamwiri, nafalikira kufikira maiko oyandikana nafe. Anthu a mudzi wonse anaima pamzere, napenyedwa m'kalirole, naturutsa nyanga ndi zithumwa, namwa mankhwala ofiira, pouzidwa kuti wobwerera ku ufiti atamwa adzafa. Akristu ambiri anamwa nao. Milu ya nyanga inaunjikidwa pa mphambano, koma sipanapite zaka zambiri anthu anayambanso kulozana zala monga kale.

Tifunse tsono: cinakoka makamu amenewa nciani? Onse ananena za kuyeretsa dziko, ndipo mau ao anamveka ngati a kulapa. Koma cala cao cinaloza kwa mnansi. Munthu anapita kumadzi kapena pamzere kuti aone mfiti imene inamdyera mwana, kuti nkhalamba ya kuseri kwa mudzi igwidwe. Kulapira mnzako cimo lace nkokoma, ndipo sikudzasowa khamu nthawi iri yonse. Pa Yordano wa Yohane anthu anaulula zocimwa za iwo eni; wamsonkho sanafunsa cimene msilikari ayenera kucita, ndi msilikari sanafunsa za wamsonkho. Pamene mumva mlaliki alikuuza munthu kuti umphawi wace wacokera kwa azakhali ace, ndi kuti matenda ace anamponyera ndi apongozi, ndipo anthu alikumuombera m'manja, dziwani kuti simuli pa Yordano wa Yohane, ngakhale madzi ace akhale ocuruka motani.

Koma wina adzati, Tsono inu mwanyoza misonkhano yaikuru. Mufuna kuti tikhale m'nyumba zathu, tiseke amene apita. Iai, abale, sititero. Ndipo amene atero ali m'cimo loposa. Analipo anthu masiku a Yohane amene anaima patali ndi kupeputsa khamu: ndiwo Afarisi ndi acilamulo. Luka, m'mutu 7, anena kuti anthu wamba ndi amisonkho anabvomereza cilungamo ca Mulungu pobatizidwa ndi Yohane, koma Afarisi ndi acilamulo, pokana ubatizowo, anakaniza uphungu wa Mulungu pa iwo okha. Ndipo Ambuye anauza akuru a ansembe m'Kacisi kuti amisonkho ndi akazi acigololo adzawatsogolera kulowa mu Ufumu, pakuti iwo anakhulupirira Yohane. M'khamu lija munali Andreya, amene anamva Yohane alikuloza kwa Yesu, namtsata, nakaitana mbale wace Simoni Petro. Mkuru wa mpingo amene aona anthu a mudzi wace alikuthamangira kwa mlaliki wacilendo, asayambe ndi kuwatonza. Ayambe adzifunsa ngati nkhosazo sizinathawa njala m'khola mwace.

Ndipo khamu loona likhoza kukhalitsa. M'zaka za 1913 ndi 1914 William Wade Harris, munthu wa mtundu wa Grebo wa ku Liberia, anayenda pansi m'mbali mwa nyanja ya Ivory Coast ndi Gold Coast, wobvala mwinjiro woyera, m'manja mwace mtanda wa nsungwi ndi Buku Lopatulika, nalalikira kuti anthu ataye mafano ndi zithumwa, atembenukire kwa Mulungu mmodzi. Owerenga mbiri ayesa kuti anabatiza anthu oposa 100,000. Anawalangiza kuti amange nyumba zopemphereramo, asunge tsiku la Mulungu, adikire aphunzitsi amene adzadza ndi Buku. Boma la France linamcotsa m'dzikomo m'caka ca 1915. Koma m'caka ca 1924 mbusa W. J. Platt wa mpingo wa Methodist, pofika m'midzi imeneyo, anapeza anthu zikwi zambiri alikusonkhanabe m'nyumba zimene anazimanga okha, alikudikira wowaphunzitsa. Umboni wa nchito ya Harris suli m'ciwerengero ca tsiku la ubatizo. Uli m'zaka 9 zimene anthuwo anakhala okhazikika mwini wace atacoka.

Cifukwa cace sitinena kuti khamu ndi loipa, kapena kuti ndi labwino. Tinena kuti khamu si umboni. Liri ngati mulu wa mapira pa dwale usanapetedwe: uoneka waukuru, koma mai wanzeru sawerenga mitanga ya cakudya ca ana ace kufikira licero litapita pamenepo. Yohane mwini anafanizira Wakudza pambuyo pace ndi munthu wogwira copetera, wolekanitsa tirigu ndi mankhusu pa dwale limodzi.

Tsono abale athu akabwera ku msonkhano, tileke kufunsa kuti kunali anthu angati, tifunse mafunso awa atatu. Loyamba: mlalikiyo analoza kwa yani? Yohane, pamene anthu anayamba kuganiza kuti kapena iye ndiye Kristu, anakana poyera, nadziyesa wosayenera ngakhale kumasula lamba la nsapato za Ambuye. Ndipo akuphunzira ace atadandaula kuti anthu onse alikupita kwa Yesu, iye anakondwera kuti khamu lace liri kucepa. Mlaliki amene akwiya anthu ace akacepa, ndi amene dzina lace limveka koposa dzina la Kristu, sali wa mzimu wa Yohane. Laciwiri: cimo limene linadzudzulidwa linali la yani? La omvera okhala pamenepo, osasiya ndi akuru omwe, monga Yohane sanamleka Herode. Kapena la anthu osauka amene sanalipo kuti adziyankhire? Lacitatu, ndilo lalikuru: cacitika nciani kumudzi kuno? Funso limeneli siliyankhidwa tsiku lobwerera, nyimbo zikali m'kamwa; liyankhidwa itapita miyezi.

Kodi wamalonda uja wakonza sikelo yace yonyenga pogula cimanga ca amasiye? Kodi wakatapira wabweza mbuzi imene analanda pa ngongole yaing'ono? Kodi amene anasuntha malire a munda usiku wawabweza pamalo pace? Kodi waganyu walandira malipiro ace onse dzuwa lisanalowe? Kodi nkhokwe yodzala yatsegulidwa m'mwezi wa February, pamene ana a mnansi agona ndi njala? Kodi mwamuna waleka kumenya mkazi wace, ndi mkazi waleka kunamizira mnzace? Zikaoneka izi, ngakhale pa nyumba zitatu zokha, tiyamike Mulungu, pakuti mneneri anapitadi pakati pathu. Zikapanda kuoneka, ngakhale malole anatuta anthu usana ndi usiku, panali msonkhano, koma kulapa panalibe.

Ndipo tisamalize nkhani iyi ndi kuweruza alaliki ndi makamu okha, ife tingagwe m'dzenje lomwe talichula, la kulapira anzathu. Ifenso tiri khamu. Tsiku la Sabata liri lonse tidzaza nyumba ya Mulungu. Maina athu ali m'buku la mpingo. Ena a ife tinena kuti agogo athu anali mwa oyamba kubatizidwa pa mudzi pano, monga Ayuda aja anatama Abrahamu. Zonsezi nzabwino, koma nkhwangwa siwerenga buku la maina. Ku Yeriko, pafupi ndi Yordano yemweyo, kunali mkuru wa amisonkho dzina lace Zakeyu. Tsiku limene Yesu anapita pamenepo khamu linali lalikuru, kotero kuti iye, pokhala wamfupi, anakwera mu mkuyu. Mwa anthu onse aja a m'njira Luka sachula dzina la wina. Tidziwa la iye amene anatsika, nagawira osauka theka la cuma cace, nalonjeza kubweza kanai zonse anazilanda monyenga. Ndipo za nyumba yace Ambuye ananena kuti cipulumutso cafikamo. Mbale, mlongo, musanapite ku msonkhano wina, lowani m'nyumba mwanu, muwerenge malaya anu, mukumbuke amene munamlanda kanthu, ndipo mupite kwa iye lero lomwe. Mulungu atipatse ife tonse mtima wotere.